Kuphunzira Kuphika Zakudya za M'masika ku Chidzolomondo ndi ku Tsangano

Masika ndi nyengo imene mvula ikukata, chimanga chikuuma m'minda, ndipo madzulo kwayamba kuzizira. Kumapiri a kumpoto kwa chigawo cha Tete ku Mozambique, nyengoyi imayamba chakumapeto kwa Malichi n'kufika mu Meyi, kenaka chisanu cha Juni ndi Julaye chimalowa. Chidzolomondo ndi limodzi mwa madera awiri a boma la Macanga, ndipo linzake ndi Furancungo, komwe kuli likulu la bomalo. Chakum'mawa kuli maboma a Angónia ndi Tsangano, omwe achita malire ndi Dedza ndi Ntcheu ku Malawi. Anthu ambiri kumeneku ndi Achewa ndi Angoni, amayankhula Chinyanja, ndipo chakudya chawo chambiri amalima okha.

Dziko lake ndi lokwera ndiponso lozizira poyerekeza ndi chigwa cha Zambezi komwe kuli mzinda wa Tete. Chimanga, nyemba, mtedza, maungu ndi mbatata zimachita bwino, ndipo Tsangano ndi yotchuka ndi mbatatesi ndi tirigu. Zokolola za kumeneku zimafika mpaka m'misika ya m'malire monga wa Lizulu ndi wa pa Tsangano, m'mbali mwa msewu wa M1 ku Malawi. M'masika pakhomo pamakhala chakudya cha mitundumitundu, njala ya mu Januwale ndi Febuluwale itapita. Wophunzira akalakwitsa mphika umodzi banja siligona ndi njala, choncho imeneyi ndiyo nyengo yabwino yophunzira kuphika. Zakudya zake ndi zotentha, zokhutitsa, zofunditsa thupi: nsima ya ufa watsopano, mnkhwani wotendera, nyemba, futali, chigumu ndi thobwa.

Kumene luso limayambira

Mwana sayambira pa mphika. Amayamba ndi kutumidwa kutola nkhuni, kutunga madzi, kutsuka mbale ndi kukapala moto kwa anansi. Kenaka amapatsidwa lichero kuti asankhe nyemba, n'kuphunzira kupeta, kusinja mtedza mu mtondo ndi kusefa nsinjiro. Ntchito zimenezi ndi zimene zimaphunzitsa maso ndi manja kusiyanitsa mbewu yabwino ndi yofumbwa, ufa wosalala ndi wa misere.

Malo oyamba ophikirako ndi kumasanje. Akuluakulu akatha kukolola, ana amakunkha chimanga, mtedza ndi mbatata zotsalira m'minda, amamanga timisasa ta mapesi kunja kwa mudzi, n'kumaphika m'timiphika tawo. Nsima ya kumasanje imatha kutuluka yosapsa kapena ya mibulu, koma palibe wokalipa, ndipo mwana amabwereza mpaka dzanja litazolowera mthiko. Mtsikana akasinkhuka amayamba kuphikira banja lonse, mayi ake kapena agogo ake ali pambali kumuuza nthawi yothira ufa ndi nthawi yochotsako chikuni.

Kale anyamata ankangodziwa kuwotcha chimanga, mbatata ndi mbewa kubusa. Masiku ano mnyamata amene wapita kukaphunzira ku Furancungo kapena ku tauni ya Ulónguè, kapena kukagwira ntchito ku Tete, amadziphikira yekha. Amene sanaphunzire kwawo amathera ndalama zake zochepa pogula zophikaphika, choncho makolo ambiri amaphunzitsa ana onse mosasiyanitsa.

Moto

Chinthu choyamba kuchidziwa ndi moto. Mabanja ambiri amaphika pa mafuwa atatu, chifukwa mphika wokhala pa miyala itatu sugwedera ngakhale pansi pakhale posasalala. Moto umakula wophika akakankhira zikuni m'kati, ndipo umachepa akazikokera kunja. Malawi amphamvu ndi owiritsira madzi ndi kuphikira nsima. Moto wapakati ndi wa ndiwo, makamaka zotendera, zomwe sizichedwa kupserera. Makala ndi phulusa lotentha ndi zowotchera mbatata ndi kuphikira chigumu. Zolakwa zambiri za wophunzira zimachokera pa kuphika chilichonse ndi moto umodzimodzi.

Kumayambiriro kwa masika nkhuni zimakhala zisanaumitse, ndiye zimaikidwa pafupi ndi moto kapena pansanja ya m'khitchini kuti ziume. Zitsononkho ndi mapesi zimayaka msanga, n'zabwino kukolezera, koma sizisunga moto. Nkhuni zaziwisi zimafuka utsi wambiri, ndipo vutoli limakula m'chisanu pamene anthu amatseka zitseko kuti awothe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Khitchini iyenera kukhala ndi potulukira utsi. Mbaula ya makala siyenera kugonedwa nayo m'nyumba yotseka, popeza makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Mbaula zadothi, monga Chitetezo yomwe yafala ku Malawi, zimadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa, ndipo mwana sagweramo msanga.

Phala ndi nsima

Ufa wa chimanga ulipo wa mitundu iwiri ikuluikulu. Mgaiwa ndi chimanga chogayidwa chonse, osachotsa kanthu. Ufa woyera umafuna ntchito yambiri: chimanga chimakonoledwa, madeya n'kupetedwa, mphale n'kuviikidwa m'madzi masiku awiri kapena atatu, kutsukuluzidwa, kuyanikidwa, kenaka kugayidwa ndi kuyanikidwanso. Anthu ambiri amakonda ufa woyera chifukwa nsima yake ndi yosalala, ndipo suwola msanga. Koma mafuta a chimanga ndi mavitamini ambiri amapita ndi madeya. Mu 2016 boma la Mozambique linalamula kuti ufa wa chimanga ndi wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga zopangidwa m'mafakitale ziziwonjezeredwa michere, koma ufa wa pa chigayo cha m'mudzi sudzera m'njira imeneyo. Chifukwa chake phala la ana ndi la m'mawa liyenera kukhala la mgaiwa, lothira nsinjiro.

Phala ndilo maziko a nsima. Wophika amatereka madzi, ndipo akangofunda, asanawire, amathiramo ufa pang'ono akutakasa. Ufa ukathiridwa m'madzi owira, kunja kwake kumapsa nthawi yomweyo n'kutsekera wouma m'kati, ndipo ndiko kumene mibulu imachokera. Wophika amatakasabe mpaka phala litayamba kulimba, kenaka amavundikira n'kulisiya liwire kwa mphindi 10 kapena 15. Apa ndi pamene wophunzira wopupuluma amalakwitsa. Phala likapanda kupsa, nsima yake imanunkha ufa, ndipo ngakhale ivundulidwe bwanji sikonzeka.

Phala likapsa, ena amapatulako pang'ono m'mbale kuti adzafewetsere nsima ikalimba kwambiri. Ufa umathiridwa dzanja limodzilimodzi, mthiko ukukanikizira nsima kukhoma la mphika ndi kuitembenuza. Mphika umagwiridwa ndi kansalu kapena kupanidwa ndi mtengo kuti usaterereke pa mafuwa. Nsima yapsa ikayamba kusiyana ndi khoma la mphika, kuoneka yonyezimira ndi kutulutsa fungo la chimanga chopsa. Imavundikiridwa kanthawi pamoto wochepa, kenaka imaomoledwa ndi chipande choviika m'madzi kuti mitanda ituluke yosalala. Nkhoko zotsala pansi pa mphika zimafewetsedwa ndi madzi, ndipo ana amazikonda.

Ndiwo zotendera

M'masika masamba amakhala ponseponse: mnkhwani, khwanya, chitambe, kholowa, bonongwe, luni ndi chisoso. Wophunzira amayamba ndi mnkhwani. Amathyola masamba anthete, amasadzula ulusi wa ku mapesi ake, amatsuka asanadule, kenaka n'kudula. Kutsuka masamba odula kale kumataya michere m'madzi. Mu mphika mumakhala madzi ochepa owira ndi mchere. Masamba akafota, pamwamba pamaikidwa tomato ndi nsinjiro, mphika n'kuvundikiridwa osatakasa kwa mphindi zingapo kuti nsinjiro zipse ndi nthunzi. Pambuyo pake wophika amatakasa, amachepetsa moto, n'kuyang'anira kuti zisagwire pansi. Nsinjiro zosapsa zimamveka kukamwa, ndipo zopserera zimawawitsa mphika wonse.

Ena amathira chidulo, madzi ochezedwa m'phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nyemba, ndipo ena amathira soda wa m'sitolo. Zonsezi zimafewetsa masamba msanga ndi kusunga kubiriwira kwake, koma zimawononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Therere ndi masamba okhwima amafunadi chidulo. Masamba anthete amapsa bwino popanda icho.

Kutendera kumachita zambiri kuposa kukometsa ndiwo. Pafupifupi theka la njere ya mtedza ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zomanga thupi. Vitamini A wa m'masamba ndi m'maungu amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, choncho nsinjiro zimathandiza kuti ndiwo zigwire ntchito. Mtedza ulinso ndi niacin, vitamini amene thupi silitha kumupeza wokwanira m'chimanga. Kufunika kwake kunaoneka pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, yomwe inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mu 1990, mtedza utasowa m'chakudya chogawidwa kwa othawa nkhondo kummwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, matenda amene amadetsa ndi kung'amba khungu pamalo owombedwa ndi dzuwa, amatsegula m'mimba, ndipo akakula amasokoneza mutu. Banja limene limadya nsima ndi mtedza kapena nyemba kawirikawiri limatetezeka ku matendawa.

Mtedza wotendera uyenera kusankhidwa bwino. Njere zofota, zosweka, zakuda kapena zochita chuku zimatha kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo samatha ndi kuphika. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza wochita chuku. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusiya wotsalira kuti ukhale wa nsinjiro chimaika ana pa ngozi. Mtedza uume bwino usanasungidwe, ndipo usanyowetsedwe pofuna kuti usweke mosavuta.

Nyemba pamalo okwera

Nyemba ndizo ndiwo zodalirika za m'chisanu, ndipo zimathandizana ndi nsima, chifukwa zomanga thupi zimene zimaperewera m'chimanga zimapezeka m'nyemba. Zatsopano za m'masika zimapsa msanga, koma zikakhalitsa m'thumba zimayamba kuuma mtima. Kukwera kwa dziko nakonso kumatalikitsa nthawi yophika. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amawira akafika madigiri 100, koma pamalo okwera mamita 1,500 amawira ali pa madigiri pafupifupi 95. Madzi owira a ku Tsangano ndi osatentha kwambiri ngati a m'mbali mwa nyanja, motero nyemba zomwezo zimachedwa kupsa. Kusonkhezera moto wambiri sikuthandiza, kumangophwetsa madzi ndi kutha nkhuni.

Chothandiza ndi kuviika nyemba usiku wonse, kuvundikira mphika, ndi kuwonjezera madzi otentha m'malo mwa ozizira akayamba kuphwa. Poyamba nyemba ziyenera kuwira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10, popeza nyemba zosapsa, makamaka zofiira, zili ndi poizoni wosanzitsa amene amatha ndi kuwira. Kenaka moto umachepetsedwa. Tomato amathiridwa nyemba zitafewa, chifukwa kuwawasa kwake kumalimbitsa makoko. Nyemba yapsa ikaphwanyika mosavuta pakati pa zala ziwiri. Msuzi umakhuthala wophika akaphwanyako zina ndi mthiko. Chipere chimaphikidwa ndi nyemba zochotsa makoko, zomwe zimatakasidwa mpaka zitasalala, ndipo n'choyenera ana aang'ono ndi okalamba. Nzama ndi khobwe zimaphikidwa m'njira yofanana, ndipo nzama zaziwisi zophika ndi makoko ake zimadyedwa masana pobwera kumunda.

Maungu, mbatata ndi futali

Chimanga, nyemba, mtedza, maungu, mbatata ndi mbatatesi zonse zinachokera ku America, ndipo zinayamba kufika mu Africa kuyambira m'zaka za m'ma 1500, zina kudzera mwa amalonda achipwitikizi. Mbewu zakale za kuno ndi mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Komabe maphikidwe a mbewu zobwerazo ndi a kuno kwenikweni, ndipo futali ndi chitsanzo chake.

Dzungu lokhwima limadziwika ndi khungu lolimba ndi phesi louma. Limadulidwa zibenthu, nthanga n'kuchotsedwa, n'kuikidwa mu mphika wa madzi ochepa kwambiri. Ena amayala timitengo kapena zitsononkho pansi kuti maungu asakhudze madzi, apse ndi nthunzi. Madzi akachuluka dzungu limasukuluka. Nthanga zimayanikidwa, zina kusungira mbewu, zina kukazinga ndi mchere kapena kusinja zotendera ndiwo.

Mbatata yongokumba kumene siitsekemera kwambiri. Ikakhala masiku angapo pamthunzi imayamba kuzuna, ndipo ikaphikidwa pang'onopang'ono imazuna koposa, popeza kutentha kwapakati kumapatsa mpata chakudya cha m'kati mwake kusanduka shuga. N'chifukwa chake mbatata yokwirira m'phulusa imaposa yowiritsa pamoto waukali. Pophika futali, mbatata imasendedwa, kudulidwa ndi kuwiritsidwa ndi mchere m'madzi osaimiza. Ikatsala pang'ono kupsa, nsinjiro zosungunula m'madzi pang'ono zimathiridwa, ndipo mphika umakhala pamoto wochepa mpaka msuzi utakhuthala. Ena amaphwanya zonse kukhala phala lolimba, ena amasiya zibenthu. Futali wa maungu, wa chinangwa kapena wa nthochi zaziwisi amaphikidwa chimodzimodzi. Ndi chakudya cha m'mawa wozizira chimene chimasunga munthu mpaka masana.

Mbatata ya kholowa yofiira m'kati ili ndi vitamini A wambiri, woteteza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana. Katswiri wa mbewu Maria Andrade, wa bungwe la International Potato Center, wagwira ntchito zaka zambiri ku Mozambique pofalitsa mitundu yake, ndipo mu 2016 analandira mphoto ya World Food Prize pamodzi ndi Robert Mwanga, Jan Low ndi Howarth Bouis. Mitundu ina ya mbatatayi ndi yofewa, choncho imafuna madzi ochepa ndi nthawi yochepa pamoto. Mbatatesi imaphikidwa ndi tomato ndi anyezi, kapena kutenderedwa. Imene yabiriwira chifukwa chowombedwa ndi dzuwa, kapena yamera kwambiri, ili ndi poizoni wowawa, ndipo yoteroyo ndi bwino kuitaya.

Chigumu ndi thobwa

Chigumu chimaphunzitsa kuphika ndi moto wa pansi ndi pamwamba. Mgaiwa umasakanizidwa ndi nthochi zakupsa zophwanya, mchere, soda pang'ono, shuga ngati alipo, ndi madzi kapena mkaka. Mphika umapakidwa mafuta kapena kuyalidwa masamba a nthochi, umakhazikidwa pa makala ochepa, ndipo makala ambiri amaikidwa pa chivundikiro chachitsulo. Moto wa pansi ukachuluka, chigumu chimapserera kunsi m'kati muli mwamuwisi. Kamtengo koyera kakabayidwa pakati n'kutuluka kouma, ndiye kuti chapsa. Soda wochuluka amachititsa chigumu kukhala chachikasu ndi chowawa.

Thobwa limayamba ndi chimera. Mawere, mapira kapena chimanga zimanyowetsedwa, kufunditsidwa mpaka zitamera, kuyanikidwa, n'kusinjidwa. Wophika amaphika phala la mgaiwa, amaliphula, n'kudikira kuti lizizireko mpaka chala chitha kupirira. Pamenepo amathira chimera, ndipo phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa mbewu yomera ili ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Mphamvu imeneyi imafa phala likakhala lotentha kwambiri, ndipo ndicho chifukwa thobwa la wophunzira wosadekha limakana. Likagona, mawa lake limawiritsidwanso, kenaka kuzizitsidwa. Thobwa ndi limene amamwa anthu othandiza kukolola, ndipo silisowa pa ukwati ndi pa maliro. Likakhala masiku angapo limasasa n'kuyamba kusanduka mowa, ndipo pamenepo silikhalanso la ana.

Kufutsa ndi kusunga

Kuchuluka kwa chakudya cha m'masika sikukhalitsa. Pofika Ogasiti masamba a m'munda amakhala atauma, ndipo amene alibe dimba amadalira zimene anasunga. Choncho kufutsa ndi gawo la luso la kuphika. Masamba a khobwe, nyemba kapena maungu amawiritsidwa pang'ono, amakhetsedwa madzi, n'kuyanikidwa pa mphasa yoyera, makamaka pathandala pomwe nkhuku ndi fumbi sizifika. Kuwiritsako kumaletsa masamba kupitiriza kuwonongeka, ndipo kuyanika pamthunzi wopita mphepo kumasunga michere yambiri kusiyana ndi dzuwa lamphamvu. Mfutso wouma bwino umathetheka ukafinyidwa. Umamangidwa m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachikidwa kudenga la khitchini, komwe utsi umathamangitsa tizilombo. Pophika, umayamba waviikidwa kapena kuwiritsidwa mpaka utafewa, kenaka n'kutenderedwa.

Mbatata imasungidwa m'nkhuti, dzenje lowazidwa phulusa, ndipo muyenera kulowa yokhayo yopanda bala la khasu. Maungu osadula phesi amakhala miyezi ingapo pamalo ouma. Chimanga chimalowa m'nkhokwe kapena m'matumba chitaumitsitsa, kuopa chuku ndi anankafumbwe. Chakudya chophika kale nachonso chili ndi malamulo ake. Mkute ndi ndiwo zogona zimavundikiridwa, ndipo mawa lake zimatenthetsedwa mpaka zitatentha m'kati monse. Ndiwo zotendera zimasasa msanga kuposa zina, choncho zimaphikidwa zokwanira tsiku lomwelo.

Kulinganiza chakudya chonse

Phunziro lomaliza ndi la nthawi. Pakhomo pamene pali mafuwa amodzi, miphika imalowa pamoto motsatana. Nyemba zimatereka m'mawa chifukwa zimatenga maola. Pamene zikuwira, wophika amasadzula masamba, amasinja mtedza, ndipo mbatata amaikwirira m'phulusa la pambali. Nyemba zikapsa zimakhala pafupi ndi moto kuti zisazizire, masamba n'kulowa. Nsima imabwera pomaliza, anthu atasonkhana ndipo madzi osamba m'manja ali pafupi, chifukwa m'nyengo yozizira imauma msanga ikangoomoledwa. Wophika amayezanso ufa molingana ndi pakamwa pamene palipo, n'kuwonjezerako pang'ono chifukwa cha mlendo, popanda kuiwala kuti nkhokwe yomweyo iyenera kufika mpaka masika ena. Amene watha kuchita zonsezi popanda womuuza amaloledwa kuphikira banja ndi alendo payekha, ndipo amayamba kuphunzitsa ang'ono ake.